Mbale ya Nyasha

Ku Machinga ndi ku Balaka mwana akaonda anthu sachulutsa mafunso, amangoyang'ana nkhokwe. M'mwezi wa Malichi 2024, mvula itadula chifukwa cha El Niño, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'ngozi, ndipo chakacho chisanathe tinamva kuti mabanja ena ku Machinga akuphika chitedze, kuwiritsa ndi kutaya madzi kangapo, kuti ana agone atalawako kanthu. Kudera lotere, kuuza munthu kuti wanenepa ndi kumuyamikira. Kuonda kwadzidzidzi kumautsa manong'onong'o, ndipo amene analipo m'zaka zimene Edzi inkapulula anthu, ma ARV asanafike, akudziwa mmene manong'onong'o amenewo amapwetekera. Tsono tayesani kuuza agogo a ku Ntaja kapena a ku Ulongwe kuti kuli mtsikana wa pabanja lopata, kumene ndiwo zankhuli sizisowa, koma akudzipha yekha ndi njala. Adzakuyankhani kuti kumeneko n'kukhuta.

Mlembi wofuna kuti owerenga otere akhulupirire nkhani ya mtsikana wokana kudya, mpaka kumumvera chisoni, ntchito yake ndi yakalavulagaga. Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe anaigwira ntchito imeneyi m'buku lake la Nervous Conditions, limene linatuluka ku London mu 1988 kudzera ku The Women's Press, osindikiza mabuku akwawo atalikana. Linali buku loyamba la nthano yaitali limene mayi wachikuda wa ku Zimbabwe anatulutsa m'Chingerezi, ndipo mu 1989 linapata mphoto ya Commonwealth Writers' Prize m'chigawo cha Africa. Mayi Dangarembga anabadwira ku Mutoko mu 1959, anakhalako ku England ali kamwana, anakayamba maphunziro a udokotala ku Cambridge, kenako anabwerera kwawo mu 1980 n'kuphunzira za kaganizidwe ka munthu pa yunivesite ya Zimbabwe. Mawu akuchipatala ofotokozera matenda a Nyasha, mtsikana wokana kudya wa m'bukuli, anali nawo onse, koma sanatsamirepo. Anayamba aphunzitsa wowerenga kumva chinenero cha chakudya: ndani ayamba kusamba m'manja, ndani alandira nthuli, ndani atsala ndi msuzi. Pofika pamene mtsikanayo akukankha mbale yake, wowerenga safunanso womumasulira. Luso la bukuli lagona pamenepa.

Nzeru yoyamba ili pa kusankha wokamba nkhani. Nyasha sakamba yekha za mavuto ake. Amene akutiuza zonse ndi msuweni wake Tambudzai, kapena kuti Tambu, mwana wa kumudzi wosauka kufupi ndi Umtali, mzinda umene lero ndi Mutare, m'zaka za m'ma 1960 dzikolo likutchedwa Rhodesia. Tambu njala amaidziwa. Makolo ake atasowa fizi n'kusankha kuti mchimwene wake Nhamo yekha ndiye apitirize sukulu, iye anapempha mbewu n'kulima kamunda kake ka chimanga kuti adzagulitse. Nhamo ankamubera chimangacho n'kumagawira anzake. Mphunzitsi wina, a Matimba, ndi amene anamutengera kutauni kukagulitsa mondokwa, kumene mayi wina wachizungu anapereka mapaundi khumi amene anakhala fizi yake. Kwa mwana ameneyu chakudya ndi thukuta, ndi ndalama, ndi njira yothawira umphawi. Mtsikana aliyense amene anagulitsapo zitumbuwa kapena chimanga chootcha pa siteji ya basi ku Liwonde kuti agule makope adzamuzindikira Tambu msangamsanga.

Choncho tikulowa m'nyumba ya pa mishoni ndi maso a munthu wosamvetsa kuti wina n'kusiya chakudya m'mbale. Nhamo atamwalira mu 1968, malo ake kwa Babamukuru, amene ndi akulu awo a bambo ake a Tambu komanso mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya mishoniyo, anaperekedwa kwa Tambu. Iye akufika ali wodzala ndi kuthokoza, ndipo zimene Nyasha, mwana wa Babamukuru, amachita zikumudabwitsa, nthawi zina kumunyansa kumene. Mlembi sakutikakamiza kukonda Nyasha. Akutilola kumuweruza limodzi ndi Tambu, kumuona ngati mwana wopulukira amene anaiwala Chishona pa zaka zisanu zimene anakhala ku England ndi makolo ake. Nyasha akanakamba yekha, wowerenga wa ku Nsanama akanatseka buku n'kunena kuti ndi madandaulo a ana a mabwana. Koma poti akukamba ndi mnzathu wodziwa njala, pamene maso ake akutseguka athunso akutseguka.

Nzeru yachiwiri ndi kudekha. Matenda asanaonekere n'komwe, mlembi watidyetsa kale kangapo, ndipo chakudya chilichonse m'bukuli chili ndi phunziro lake. Pa phwando lolandira Babamukuru kuchokera ku England mu 1965, Tambu akupatsidwa ntchito yoyendetsa madzi osamba m'manja. Akuyenera kugwada ndi kutsata ukulu wa anthu mosaphonya, ndipo akasokoneza ndondomeko akulu akudandaula. Palibe pamene mlembi akuima n'kuyamba kulalikira za kuponderezedwa kwa amayi. Akungotionetsa beseni likuyenda kuchokera kwa wamkulu kunka kwa wamng'ono, kenako akutitengera kukhitchini kumene amayi ndi ana amene anaphika akupeza kuti nyama yathera kunyumba yaikulu. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa tanthauzo lake. Timadziwa amene amadya chiwindi ndi nthutumba nkhuku ikaphedwa, ndi amene amalandira zipalapasiro.

Pa Khirisimasi ina Babamukuru akubwera kumudzi ndi theka la ng'ombe. Kafiliji kapalafini sikakukwana, nyama yambiri ikuyamba kununkha ndi kusintha mtundu, koma sikutayidwa ayi. Amayi akuiphikabe tsiku ndi tsiku, pamene kagawo kabwino kosungidwa m'filiji kakupita kwa akuluakulu. Chithunzi chimodzi chimenechi chanyamula banja lonse. Kuwolowa manja kwa Babamukuru n'koona ndithu, palibe angakane. Koma mphatso yawo yaposa malo oisungira, ndipo ikuwolera m'manja mwa amayi oilandira, amene saloledwa kunena kuti yawola. Wowerenga akasunga chithunzi chimenechi, sadabwa akaona mwana wina wa m'banjamo mimba yake ikukana zimene akupatsidwa.

Tsopano tiyeni pa tebulo la pa mishoni, usiku woyamba wa Tambu. Pano mlembi akuyendetsa nkhani ziwiri nthawi imodzi. Kumbali ina Tambu akulimbana ndi mpeni ndi foloko, chakudya chachizungu chikumukanika kumeza, mpaka Maiguru, mayi ake a Nyasha, akumukonzetsera nsima. Kumbali inayo Nyasha wadzipakulira bambo ake asanamalize kupakuliridwa, kenako wazindikira kuti buku limene amawerenga, Lady Chatterley's Lover la D. H. Lawrence, makolo ake amulanda. Mkangano wa buku ukusanduka mkangano wa chakudya m'kanthawi kochepa. Nyasha akuti wakhuta, bambo akuti adye, iye akudzuka n'kuchoka. Atsikana awiri pa tebulo limodzi, onse chakudya chawakanika, wina chifukwa sanachizolowere, wina chifukwa waona chingwe chimene chamangidwa ku chakudyacho. Powerenga koyamba timangoti ndi kamkangano ka m'banja, ndipo maso athu ali pa Tambu ndi foloko yake. Ndi pobwereza pamene timaona kuti matenda onse a kumapeto anabzalidwa pomwepa, masamba ambiri asanamere.

Chimene Babamukuru amakhulupirira n'chosavuta kumva: amene amadya zanga amvere zanga, ndipo wokana chakudya changa wandikana ine. Maganizo amenewa si achilendo kwa ife. Bambo akanyanyala nsima pakhomo, mudzi umadziwa kuti pali nkhani, ndipo zikapitirira ankhoswe amaitanidwa. Mlendo akakana chakudya timafunsa kuti tamulakwira chiyani. Ndiye kuti kukana kudya ndi mawu amene tonse timawamva. Vuto ndi lakuti mawu amenewa timalola akulu okha kuwayankhula. Mwamuna akanyanyala amapepesedwa, mtsikana akanyanyala amatchedwa wamwano. Mayi Dangarembga anaona kuti pa nyumba pamene mwana wamkazi walandidwa buku, waletsedwa kuyankha, wayezedwa kutalika kwa diresi ndi nthawi yofikira pakhomo, khomo limodzi lokha limene latsala m'manja mwake ndi pakamwa pake. Dokotala wa matenda a maganizo Hilde Bruch, m'buku lake la mu 1978 lotchedwa The Golden Cage, anafotokoza kuti atsikana ambiri odwala matendawa ndi ana omvera, akhama, a pa mabanja osasowa kanthu, amene amamva kuti moyo wawo uli m'manja mwa ena ndipo thupi lokha ndi limene angalilamulire. Zimene dokotalayo anapeza ku America, mlembiyu anaziika pa tebulo la banja lachishona popanda kutchula dzina la dokotala aliyense.

Ndimasilira kwambiri mmene zizindikiro zimabwerera pang'onopang'ono, chilichonse chili ndi chifukwa china chochiphimba. Nyasha akuonda pokonzekera mayeso a Fomu 2, ndipo aliyense akuti ndi khama la sukulu. Akuseka Tambu kuti wayamba kunenepa ndi zakudya za pa mishoni, ndipo timangoti ndi macheza a atsikana. Kenako pakubwera usiku wa dansi, pamene Nyasha akuchedwa panja akucheza ndi mnyamata wachizungu. Babamukuru akumutcha hule n'kumumenya, iye akubwezera nkhonya, ndipo bambowo akumufwafwantha mpaka Maiguru ndi Chido, mlongo wake wa Nyasha, akuleretsa. Apa Nyasha waphunzira kuti nkhondo yapoyera sangaipambane. Kuyambira pamenepo nkhondoyo ikulowa m'kati. Tsiku lina atakakamizidwa kumaliza chakudya, akudya mofulumira mpaka mbale kuyera, akupita kubafa, ndipo Tambu akumva kusanza kuseri kwa chitseko. Taonani mmene chochitika chimenechi chamangidwira. Lamulo la bambo latsatidwa lonse, mbale yayera, pa tebulo pali mtendere, koma chimene analamula sichinachitike. Kumvera ndi kukana zakumana m'thupi limodzi usiku umodzi. Ndipo ife sitikulowa m'bafamo. Tili panja ndi Tambu, tikungomva ndi makutu. Mlembi sanafune kuti kuvutika kwa mwana kukhale chionetsero, komanso anafuna kuti tilawe mmene zimakhalira kwa wachibale amene akudziwa kuti china chake chalakwika koma sakudziwa pogwira.

Nyasha akanakhala woukira chabe, nkhaniyi ikanakhala yopepuka. Chimene chimaipatsa kulemera ndi kudziimba mlandu. Nyasha bambo ake amawakonda. Amadziwa kumene anachokera: kamnyamata kamene mayi ake anakapereka kwa amishonale, malo achonde a makolo atalandidwa ndi azungu, kamene kanagwira ntchito masana n'kumaphunzira madzulo mpaka kukhala mzati wa fuko lonse. Amadziwa kuti azibale ake kumudzi akugonera masamba pamene iye akudya nyama. Amadziwanso kuti sanapemphe kupita ku England, koma akulangidwa chifukwa chobwerako atasintha, ndipo anzake a pasukulu amamusala kuti amadziyesa mzungu. Ndiye akakana kumvera amadziona woipa, akamvera amadziona wachinyengo. Njala ikumugwirira ntchito ziwiri: ndi chida chokanira ulamuliro, ndiponso ndi chikwapu chodzikwapulira chifukwa cha kukanako. N'chifukwa chake matendawa sakutha ndi kupambana mkangano. Ngakhale atakhoza mayeso kuposa onse, chikumbumtima chikumuuzabe kuti sanakwanire, ndipo akuwonjezera maola owerenga, akuchepetsa chakudya.

Kuti zimenezi zigwire mtima, Babamukuru anayenera kulembedwa mwachilungamo, ndipo analembedwadi motero. Si chilombo. Ndi munthu wosagona, wolipirira ana a abale ake fizi, wokonzetsa nyumba kumudzi, wopezera achibale ntchito. Mabanja ambiri a kuno ali ndi munthu wotere, kaya ndi amalume a ku Lilongwe, kaya achimwene a ku Joni amene amatumiza ndalama ya feteleza ndi ya fizi. Timawalemekeza, ndipo n'koyenera. Koma mwana wokulira m'nyumba yotere amadya ndi ngongole pakhosi. Nthongo iliyonse imamukumbutsa kuti ayenera kukhoza, ayenera kukhala chete, ayenera kuthokoza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlembi akanawasandutsa Babamukuru munthu wankhanza basi, tikanati vuto ndi la bambo mmodzi woipa, ife sizikutikhudza. Powalemba ngati munthu wabwino amene naye anapindidwa ndi amishonale ndi boma lachitsamunda, watitsekera pothawira.

Pali luso lina limene owerenga ambiri amalidumpha. Nyasha si yekhayo amene thupi lake likuyankhula m'bukuli. Babamukuru atalamula kuti makolo a Tambu, amene akhala m'banja zaka zambiri, akachite ukwati wa kutchalitchi kuti achotse tchimo pabanjapo, Tambu akuona kuti makolo ake asanduka choseketsa. Pakamwa pakulephera kukana, koma m'mawa wa tsikulo thupi lake likukana kudzuka pabedi. Chilango chake ndi zikoti khumi ndi zisanu ndi masabata awiri ogwira ntchito za Anna, mtsikana wantchito wa pakhomopo. Mayi ake a Tambu nawo, atamva kuti mwana wawo akupita ku sukulu ya masisitere ya Sacred Heart, kumene akuopa kuti akamutaya monga anatayira Nhamo, akusiya kudya, kusamba ndi kusintha zovala. Ameneyu ndi mayi wa kumudzi, sanapiteko ku England, sanaonepo magazini ya mafashoni. Poika mayiyu pafupi ndi Nyasha, mlembi akutiuza mwakachetechete kuti kusiya kudya chifukwa chosowa mphamvu pa moyo wako sikunabwere pa ndege. Kunalipo kale pakati pathu, timangokutcha mayina ena.

Ndiye pali Lucia, mng'ono wawo wa mayi ake a Tambu, mkazi wa chilakolako cha chakudya ndi cha moyo, wosaopa kulowa m'bwalo la amuna n'kudziyankhulira. Iye ndi amene akutengera mkulu wake kumtsinje wa Nyamarira, kumuumiriza kusamba, kumuphikira ndi kukhala naye mpaka atayambanso kudya. Pa mishoni ntchito imene akupeza ndi yophikira atsikana ogonera pasukulu. Mayi wa kumudzi uja anapeza wina womugwira dzanja. Nyasha, m'nyumba ya magetsi ndi mabuku, alibe Lucia wake. Mayi ake, amene ali ndi digiri ya masitazi koma malipiro awo sawagwira m'manja, anayesapo kuchoka pakhomo n'kubwerera patangopita masiku asanu. Tambu, mnzake yekhayo, wapita ku Sacred Heart ndipo watanganidwa. Makalata a Nyasha akubwera, ena otchula kuti wayamba kudzimana chakudya kuti thupi lichepe, koma Tambu sakupeza nthawi yoyankha. Wokamba nkhaniyi ndi Tambu atakula, akuyang'ana m'mbuyo, ndipo ngakhale sakudziguguda pachifuwa, timamva kuti mlandu wa makalata osayankhidwa aja akadaunyamula. Motero kudziimba mlandu kuli m'nkhani, kulinso m'mawu a woikamba.

Pamene Tambu akubwera ku tchuthi akupeza msuweni wake atatsala mafupa okhaokha. Madzulo ena Nyasha akugwera m'mbale yake pa tebulo, ndipo bambo ake akuti akuchita dala. Kenako ukubwera usiku umene zonse zikuphulika. Akung'amba buku la mbiri yakale ndi mano, akuphwanya magalasi ndi timiphika tadothi timene ankaumba yekha, akudzicheka ndi zidutswa zake, akunena za amene anawasandutsa iye ndi bambo ake anthu ogwada, akudzitcha woipa. Chinthu chilichonse chimene chikusweka usiku umenewo tinachiona kale m'masamba a m'mbuyo, palibe chimene chabwera mongotola. Ndipo onani kuti buku sakulitentha kapena kulitaya pawindo. Akuliluma. Mtsikana amene wakhala akukana kumeza nsima ndi nyama akutafuna mbiri imene anamezetsedwa kusukulu, n'kuilavula. Mphepoyo itadutsa, akupempha mayi ake kuti amufungatire, n'kugona pamiyendo pawo ngati kamwana. Mlembi wina akanamusiya ali chiimire ngati ngwazi yolankhula zamphamvu. Uyu akutikumbutsa kuti ndi mwana, ndipo akudwala.

Ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, dokotala woyamba wa matenda a maganizo, mzungu, akuwauza kuti anthu akuda sadwala matenda oterowo, mtsikanayo akungofuna kuonedwa, apite naye kunyumba akamulimbitsire malamulo. Dokotala wachiwiri ndi amene akumugoneka m'chipatala. Zimenezi sizinali zongopeka kutali ndi moyo. Matenda odzimana chakudya, anorexia nervosa, anapatsidwa dzinali ndi William Gull ku England mu 1873, ndipo aja odya kenako n'kudzisanzitsa, bulimia nervosa, anafotokozedwa ndi Gerald Russell ku London mu 1979. Kwa nthawi yaitali madokotala ankawayesa matenda a atsikana achizungu a mabanja olemera, moti mu 1984 magazini ya British Journal of Psychiatry inasindikiza lipoti la mtsikana mmodzi wachikuda wa ku Zimbabwe wodwala anorexia ngati chinthu chosowa. Chopweteka n'chakuti dokotala wachitsamunda uja ndi ife timagwirizana. Iye ankati munthu wakuda alibe mtima wozama woti n'kudwala chonchi. Ife timati mwana wa kuno sangadwale chonchi poti chakudya n'chosowa. Njira ndi ziwiri, koma mwana wodwalayo amabwezedwa kunyumba chimodzimodzi.

Mayi ake a Tambu ali ndi yankho lawo: akuti chikupha ana a Babamukuru ndi chizungu. Mlembi akulemekeza yankholi, ndipo likumusowetsa Tambu tulo. Koma sakulisandutsa chigamulo chomaliza, chifukwa taona kale ndi maso athu kuti dzanja limene linamenya Nyasha, beseni lija la madzi ndi nyama yowola ija sizinachokere ku England zokha. Chitsamunda ndi ulamuliro wa abambo zalukana, ndipo mtsikana wafinyidwa pakati. Bukuli likutha osadziwika ngati Nyasha achira. Ndi m'mabuku otsatira, The Book of Not la mu 2006 ndi This Mournable Body la mu 2018, limene linafika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Booker mu 2020, mmene timamupezanso ali moyo. Kusiya nkhani pamalo otere kumafuna kulimba mtima, ndipo n'koona kwa matendawa, amene sachira ndi kupepesana kwa tsiku limodzi.

Wina anganene kuti kusala kudya timakudziwa kale. Ndi zoona. Ku Machinga, Asilamu ambiri amasala mwezi wa Ramadan, ndipo ku Balaka Akatolika amadzimana m'nyengo ya Lenti. Koma kusala kumeneko kuli ndi nthawi yoyambira ndi yomalizira, kumachitika pamodzi ndi ena, ndipo dzuwa likalowa banja limakhala pamphasa kumasula ndi futali mosangalala. Odwala ndi ana aang'ono amakhululukidwa. Njala ya Nyasha ndi yobisa, ya yekha, yopanda tsiku lomasula, ndipo siikhululukira. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika lero kuposa kale. Ku Fiji, kumene kunenepa kunkayamikiridwa monga kuno, Anne Becker wa ku Harvard anapeza kuti wailesi yakanema itafika m'dera la Nadroga mu 1995, pomafika 1998 pafupifupi mtsikana mmodzi mwa khumi alionse amene anafunsidwa anavomera kuti anadzisanzitsapo pofuna kuchepetsa thupi, chinthu chimene pa kufunsa koyamba panalibe anachitchula. Kuno zithunzi zotere sizikudikira wailesi yakanema. Zikulowa pa foni, kudzera pa TikTok ndi Facebook, mpaka m'mahositelo a sukulu zogonera komweko, kumene mtsikana wosapita ku dayiningi amangoyesedwa kuti watopa ndi nyemba.

Alembi athu a Chichewa alemba zambiri za njala ya chilala, ya ana amasiye ndi ya mayi wopeza womana mwana chakudya, ndipo nkhani zimenezo n'zoyenera kulembedwa. Imene ikudikirabe ndi ya mwana amene mbale yake ndi yodzaza koma pakhosi patsekeka: wolipiriridwa fizi ndi amalume, wonyamula chiyembekezo cha mudzi wonse, woopa kulephera mayeso a Fomu 4 kuposa kuopa imfa. Wofuna kuilemba aphunzire kwa Mayi Dangarembga. Asathamangire kutchula matenda. Ayambe waonetsa mmene banjalo limadyera, apereke nkhaniyo kwa munthu amene sakuimvetsa, awachitire chilungamo akulu amene akupweteka mwana pomufunira zabwino, ndipo asamusandutse wodwalayo mbendera ya mfundo zake. Kwa makolo, azakhali, amatroni ndi aphunzitsi, phunziro ndi lachindunji. Matendawa amapha, ndipo kukalipa sikuwachiza. Mwana akayamba kuzemba chakudya, kuthamangira kubafa akangodya, kuonda uku akuwerenga usiku wonse, kumukakamiza kumaliza mbale ndi kubwereza zimene anachita Babamukuru. Afunsidwe mofatsa chimene chikumulemera, amvedwe mpaka amalize, ndipo apite naye kuchipatala msanga, kwa anamwino ndi madokotala a matenda a maganizo, thupi lisanafooke.